Timadontho Titatu ta Alamu Anga

Pa khoma la galaja ya alamu anga pali mawu a penti yofiira, zilembo zake zazikulu ngati za pa sitolo: NTCHITO YANGA SIIBWERERA. Analemba okha zaka zoposa makumi awiri zapitazo atakwera pa mgolo, ndipo chilembo chomaliza chinapendekeka chifukwa mgolowo unagwedezeka. Anthu a mu msewu wathu dzina lawo lenileni analiiwala kalekale, amangoti a Siibwerera. Ngakhale achemwali anga, omwe ndi akazi awo, akapsa mtima amawaitana choncho.

Ine ndimasoka mipando ya galimoto m'kachipinda kogundana ndi galajayo. Sukulu ndinatsanzikana nayo msanga, ndipo pakati pa ine ndi iyo panalibe amene analira. Khoma lotilekanitsa ndi la malata, choncho zonse zochitika kwa alamu ndimazimva, ndifune ndisafune.

Alamuwo ndi munthu wamfupi, wa mimba yomwe imafika pamalo eni ake asanafike. Manja awo ndi aakulu ngati mafosholo, koma akagwira mtovu ndi moto kuti amate lediyeta, zala zomwezo zimayenda ngati za mayi wolowetsa ulusi pa singano. Ali ndi malamulo awo atatu. Loyamba, galimoto amainunkhiza asanaigwire. Lachiwiri, bawuti iliyonse yomwe amasula imakagona m'thireyi ya mazira, dzenje lililonse bawuti yake, motsatana, ndipo pobwezera amayambira dzenje lomaliza. Ukasuntha thireyiyo, chibale chatha. Lachitatu ndi lomwe landilembetsa nkhaniyi. Akamaliza ntchito amatenga msomali wa konkire ndi kahamala, n'kukhoma timadontho titatu pamalo obisika a chitsulo chomwe agwirapo, kenako amakanda mwezi ndi chaka pambali pake.

Chizolowezichi chinayamba ali anyamata, munthu wina atawanamizira ntchito ya makanika wina. Kuchokera pamenepo, aliyense wobwera ndi mawu oti "munakonza ndinu, yawonongekanso" amangomuyankha modekha kuti, "Tiyeni tikafune timadontho." Amafuna onse awiri, osatipeza, munthuyo n'kubwerera mchira uli pakati pa miyendo. Ndawaonapo ambiri otero.

Lolemba lina m'mawa kunalowa kagalimoto komwe kanandisiyitsa singano. Kamipando iwiri, kofiira ngati tsabola wakupsa, denga lake lansalu lopindika, mawilo a masipoko ngati njinga. Kanali kotsika moti wokhalamo amadziwa mwala uliwonse wa mu msewu ndi matako ake. Zaka zake kanandiposa ine. Pa chiwongolero panali mayi wa imvi zometedwa bwino, yemwe pambuyo pake tinamva kuti ndi dokotala wa mano wopuma pantchito. Pambali pawo panali amuna awo, mphunzitsi wopumanso, wamtali, mawondo ali m'makutu. M'manja anali ndi thaulo lopukutira galasi lakutsogolo, ndipo atatsika, nsapato zawo zinasiya mapazi onyowa pa simenti.

"A Siibwerera ndinu?" anafunsa Adokotala.

"Khomalo ndi lomwe limatero, mayi. Ine ndimangovomereza."

"Galasi likuchita nkhungu ngakhale kunja kuli dzuwa. Madzi a mu injini timathira lero, mawa atsika. Ndipo abambowa akumatsika ngati awoloka mtsinje."

Alamu analowetsa mutu pa zenera n'kukoka mpweya kawiri. Inenso ndinamva kafungo kotsekemera, ngati shuga wopserera. Anagwira kapeti ya mbali ya Aphunzitsi, n'kutikita zala. Zinali zoterera, zobiriwira.

"Ndi hita," anatero.

Kwa amene simunatsegulepo galimoto: kuseri kwa dashibodi kumakhala kalediyeta kakang'ono, kukula kwake ngati buku lonenepa. Madzi otentha a mu injini amadutsamo, fani n'kumauzira mpweya wofunda ku mapazi ndi ku galasi. Kakabooka, madziwo amadonthera pa mapazi a wokwera. Kachitsulo kake n'kochepa, koma kuti ukafikire uyenera kugwetsa theka la galimoto. Amene anapanga galimotoyi ndikukhulupirira kuti anayamba wapachika kalediyetako m'malere, kenako n'kumanga galimoto mozungulira.

Ine, pofuna kuthandiza, ndinati, "Mayi, ena amangolumikiza mapayipi awiri aja pansi pa boneti, madzi asamadutse ku hita. Theka la ola mwanyamuka."

"Uyu amasoka nsalu, musamumvere," anatero alamu osandiyang'ana n'komwe.

"Sindikanamumvera," anatero Adokotala. "Galimotoyi anandisiyira malemu bambo anga ikufunditsa mapazi. Nyengo yozizira timayenda m'mawa denga lili lopinda. Ndikufuna hita yogwira ntchito."

Alamu anafunyulula kapeti ija. Pansi pake chitsulo chinali chofiirira, chofufuma ngati khungwa la mtengo. Anabaya ndi sikuludiraiva pang'ono chabe, iyo n'kulowa mpaka chogwirira. Kudzera pa bowolo tinaona simenti ya galaja.

"Izi si zadzulo," anatero. "Kakhala kakudontha pang'onopang'ono zaka zambiri. Bwerani mawa masana, mudzaone nokha zomwe zili m'katimo."

Lachiwiri tinayamba dzuwa lisanakwere. Anachotsa batire, n'kukhuthulira madzi onse a mu injini m'beseni. Mipando ndinachotsa ine, poti ndi mbali yanga. Kenako chiwongolero, wailesi, mawotchi onse a pa dashibodi. Waya aliyense ankamumata kapepala ka tepi n'kujambulapo chizindikiro chomwe amachidziwa okha: nsomba, mwezi, foloko. Mathireyi a mazira anadzaza awiri. Titafika pa mabawuti a bokosi la hita, omwe ali kunsi kwenikweni, alamu anayesa kugona chagada n'kulowa. Mutu unalowa, mapewa analowa, mimba inakana.

"Mlamu, tabwera. Mulungu anakupanga woonda ndi cholinga."

Ndinalowa chadodolido, miyendo ili m'mwamba pomwe pamakhala mipando, tochi ili kukamwa, dzimbiri likugwera m'maso. Iwo ali panja ankalamula ngati woyendetsa sitima.

"Kumanzere. Kumanzere kwako, osati kwa galimoto. Waigwira? Usaikakamize, inyengerere. Bawuti imeneyo ndi yaikulu kwa iwe, ipatse ulemu."

Bokosi linatuluka nthawi ya masana, Adokotala ndi Aphunzitsi akulowa kumene pa geti. Alamu analiika pa benchi, n'kumasula timakilipu take. Kalediyeta kaja kanatuluka kobiriwira ndi ndere za mkuwa. Pa ngodya ina panali chibuma cha guluu wa zitsulo, uja wa machubu awiri osakaniza, chitamatidwa ngati chisa cha mavu. Timapayipi tiwiri tinali tofinyidwa ndi pulayala. Mphepete mwa chibumacho munali mzere woyera pomwe madzi ankadutsa.

Alamu anaika manja m'chiuno. Ndinadziwa kuti ulaliki wayandikira.

"Mayi, taonani. Apa panabooka kalekale. Munthu wanzeru akanatsuka, n'kumata ndi mtovu, n'kuyesa m'madzi. Koma uyu anafinya ndi pulayala, n'kupaka guluu ngati akumata chidebe cha nkhuku. Amene anachita izi si makanika. Ndi munthu woti umulande pulayala n'kumupatsa tsache, ndipo tsachelo uzimuyang'anira."

Adokotala anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana amuna awo. Kayang'anidwe kake kanali kaja ka dokotala wa mano akakuuza kuti yasamula.

"Abambo, chaka chija munamasula dashibodi yonse muli nokha."

"Ndinkaika wailesi, mayi."

"Munagulanso guluu wa machubu awiri. Ndinamuona pa tebulo."

"Ameneyo anali wa chogwirira cha ketulo."

"Ketulo yake iti, poti mpaka lero ilibe chogwirira?"

Aphunzitsi anayang'ana chibuma chija nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti ayamba kudzikayikira okha. Munthu ukakhala m'banja zaka makumi anayi umatha kuvomera mlandu womwe sukuukumbukira.

"Galimoto ya bambo anga yaola pansi chifukwa cha manja anu oyabwa," anatero Adokotala, mawu ali pansipansi. "Ndipatseni kiyi wanu. Kuyambira lero muzingokwera."

Aphunzitsi anatulutsa mulu wa makiyi m'thumba. Anavutika kutsegula kamphete ndi chikhadabo, ndipo tonse tinangoima n'kumaonerera. Tsiku lomwelo ndinamva kwa iwo eni kuti Loweruka lililonse ndi iwo amene amatsuka kagalimotoko, sipoko imodziimodzi, ndi mswachi wakale. Anapereka kiyiyo.

Alamu, m'malo mokhala chete, anathira mchere pa bala. Anawasisita pa phewa n'kunena akuseka, "Musadandaule, Aphunzitsi. Choko ndi sipanala n'zosiyana."

Eni galimoto atachoka, alamu anandiponyera kalediyeta kakale kaja. "Tsuka aka, ukaponye pa mulu wa mkuwa."

Ndinakhala pa mpopi kuseri ndi bulashi ya waya. Ndere zinayamba kuchoka, mkuwa n'kumawala. Nditatembenuza kuti nditsuke kunsi kwa kachitsulo kogwirizira, bulashi inakodwa pa timaenje. Ndinathira madzi. Timadontho titatu, tolondolozana bwino ngati mabatani a malaya. Pambali pake mwezi ndi chaka, m'kalembedwe komwe ndimakaona tsiku lililonse pa khoma, kopendekera kumanja.

Kunena zoona, choyamba ndinaseka. Ndinaseka mpaka kukhala pansi m'matope. Zaka zonsezi ndikumva "tiyeni tikafune timadontho", lero timadontho tabwera tokha pa galimoto yofiira. Kenako ndinawerenganso mwezi ndi chakacho, ndipo kuseka kunachepa. Unali mwezi womwe anabadwa mwana wawo woyamba, mtsikana yemwe pano ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ndiponso ana ake awiri.

Ndinakulunga chitsulocho m'chiguduli n'kupita kunyumba kwawo, komwe kuli kuseri kwa galaja. Achemwali ankasita pabalaza. Ndinachiika pa mpando n'kuwalozera.

Anavala magalasi, anayang'ana, n'kuimika simbi.

"Kagalimoto koyera," anatero. "Ka bambo wina wachipewa. Tsiku lomwe matenda anandiyamba ndinatumiza uthenga ku galaja nthawi ya chakudya chamasana. Anafika kuchipatala manja ali bii, anamwino n'kuwabweza kuti akasambe kaye. Ankangonena za kagalimoto koyera komwe akasiya pakati."

"Pano n'kofiira, achemwali. Anakapentanso. N'chifukwa chake sanakazindikire."

"Ndiye waseka kale, eti? Ndikukuona m'maso."

"Pang'ono."

"Tamvera. Usawauze pakamwa. Ukawauza iwe, akangana nawe mpaka mawa, chifukwa mawu a mlamu wosoka nsalu salowa m'khutu mwawo. Kachiike poti achione okha. Amuna angawa sanagonjerepo munthu, koma chitsulo amachimvera."

Ndinavomera. Koma pepani, ndine munthu. Mpata ngati umenewu umabwera kamodzi pa moyo, sindikanauponya osaulawako. Ndinabwerera ku galaja chitsulo chili kumbuyo, n'kuwapeza akudula pansi powola paja.

"Alamu, munthu waguluu uja, mutakumana naye mungamutani?"

"Ndingamumwetse madzi a m'beseni awo."

"Mwina anali ndi chifukwa chake. Mwina anali pa changu."

"Changu ndi dzina lina la ulesi. Ngati ulibe nthawi yokonza, uli ndi nthawi youza mwini wake kuti sindinakonze."

"Koma ndiye mwalankhula bwino. Mawu amenewo ndi oyenera pa khoma."

"Iwe, ulibe mipando yosoka?"

Poweruka ndinachiika pakati pa benchi yawo, timadontho tili m'mwamba, pafupi ndi kapu yawo ya tiyi.

Lachitatu m'mawa ndinafika msanga, ndinakhala kuseri kwa malata n'kutchera khutu. Ndinamva loko akutsegulidwa, chitseko chikukwekwereza, likhweru lawo la masiku onse. Likhwerulo linafika pa benchi n'kuduka pakati. Kenako dirowa inatsegulidwa, chinthu cholemera chinaikidwamo, dirowa n'kutsekedwa.

Tsiku limenelo wailesi sinayatsidwe. Koma ntchito inayenda, ndipo sindinawaonepo akugwira mosamala chotero. Kalediyeta katsopano kanafika m'bokosi lake, kowala. Ena akanangokalowetsa. Iwo anatseka payipi imodzi ndi chivindikiro, inayo analumikiza ku pampu ya njinga, n'kukamiza m'beseni la madzi oyera. Ine ndinkapopa, iwo atagwada, mphuno ili pafupi ndi madzi, kudikira kathovu. Sikanatuluke. Anati tibwereze. Sikanatulukenso. Pansi paja anadula mpaka kufika pa chitsulo chamoyo, anasema chigamba molingana ndi bowo, anawotcherera, anapala, n'kupaka penti yoletsa dzimbiri kawiri. Siponji yakale ya m'bokosi la hita, yomwe inali itasanduka ufa, anaichotsa yonse, ine n'kuwadulira yatsopano.

Chakumasana, ali kunsi kwa galimoto moti ndinkangoona nsapato zawo, anayankhula.

"Mlamu."

"Wawa."

"Unatsuka ndiwe chija?"

"Munandituma ndinu."

"Unaona?"

"Maso anga ndi olowetsa ulusi pa singano, alamu. Amaona."

"Achemwali ako?"

"Akudziwa."

"Ndiye kuti msewu wonse wamva."

"Ayi. Tilipo atatu basi. Chitsulocho chikapita pa mulu wa mkuwa, sabata yamawa chasungunulidwa. Khoma lanu likhala momwe lilili."

Sindinanene zimenezi powayesa. Ndinkangowauza momwe zinthu zinalili. Adokotala anali atapeza kale wolakwa wawo, wolakwayo anali atavomera theka, ndipo palibe akanabwera kudzafunsa.

Nsapato zija zinakhala osasuntha.

"Anali bambo wachipewa," anatero. "Ankafuna galimoto tsiku lomwelo, anali ndi ulendo. Nditangotsuka pobooka, uthenga wa achemwali ako unafika. Moto wa mtovu ndinali ndisanayatse. Ndinafinya, ndinamata, ndinabwezera zonse ngati wamisala. Ndinawauza kuti abwere sabata inayo ndidzakonze zenizeni. Sanabwere. Ine ndi khanda m'nyumba, mutu unadzaza zina."

"Ndiye munawauza. Si mlandu wanu wonse."

"Ndinawauza kuti abwere. Sindinawauze chifukwa chake. Ndinachita manyazi kutchula guluu."

"Chomwe chikundizunguza ine n'chimodzi. Munthu ukuba nkhuku, umasiyanso chitupa chako m'khola? Timadontho munakhomeranji?"

Anapuma mozama, mimba n'kugunda chitsulo cha galimoto.

"Sindikukumbukira n'komwe. Dzanja linakhoma lokha."

Ine sindinafunse chomwe aganiza. Akuluakulu anati mlandu suola. Uwu unakhala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu kuseri kwa dashibodi, n'kuoletsa chitsulo, iwo osaola.

Lachinayi, tisanatseke bokosi la hita, anatenga msomali wa konkire ndi kahamala. Anaima nazo kanthawi pamwamba pa kalediyeta katsopano. Ndinkaganiza kuti mwina ulendo uno asiya. Anakhoma katatu pa kachitsulo kogwirizira, mwamphamvu kuposa masiku onse, n'kukanda mwezi ndi chaka.

Kenako ndinalowanso chadodolido. Mathireyi a mazira anayamba kutha kuchokera kumapeto, dzenje ndi dzenje. Nsomba inakumana ndi nsomba, foloko ndi foloko. Lachisanu masana dzenje loyamba linatsala lopanda kanthu, ndipo panalibe bawuti yotsala yoti tiziyang'anizana nayo. Alamu anaika mapayipi atsopano ndi zomangira zake, anakweza kutsogolo kwa galimoto pa jeke kuti mpweya wotsekeredwa m'mapayipi ukwere n'kutuluka, n'kuthira madzi pang'onopang'ono uku akufinya payipi ngati akukama ng'ombe. Analiza injini. Pansi pa bokosi anayala nyuzipepala youma. Tinadikira mpaka muvi wa kutentha unafika pakati. Anakoka kandodo ka hita, ndipo mpweya wofunda unandiomba m'mapazi. Patatha ola nyuzipepala inali youma ngati momwe inalowera. Galasi linali mbee.

Loweruka m'mawa eni galimoto anafika. Adokotala anali patsogolo. Aphunzitsi anali m'mbuyo, manja ali kumsana, ngati mwana yemwe wauzidwa kuti m'sitolo muno usagwire kanthu. Alamu anali atavala ovolosi yochapa, chinthu chomwe chimachitika pa maukwati okha. Achemwali anabwera ndi tiyi pa thireyi, zomwe sachita kwa kasitomala aliyense, n'kuima pa khomo osabwerera.

Alamu anawaonetsa zonse: pansi patsopano, kapeti youma, mpweya wofunda. Adokotala anaika dzanja kunsi kwa dashibodi n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Khoma lanu silinama," anatero.

"Dikirani kaye, mayi."

Alamu anatsegula dirowa, anatulutsa kalediyeta kakale n'kukaika pa benchi. Anafotokoza za msomali ndi kahamala, kuti ntchito yawo iliyonse amaisindikiza. Kenako anakatembenuza n'kuloza ndi chala chawo chachikulucho.

"Timadontho iti ndi tanga. Guluu uyu ndi wanga. Bambo anu anabwera nayo kuno ili yoyera. Ndinamata mothamanga tsiku lomwe mwana wanga ankabadwa, ndipo sindinawauze zoona zake. Pansi panaola chifukwa cha ine. Aphunzitsi sanakhudzeko. Munthu woyenera tsache uja ndine."

Anazinena ataimirira mowongoka, mawu osanjenjemera, ngati akutchula matenda a injini ya munthu wina.

Adokotala anavala magalasi, ananyamula chitsulocho n'kupita nacho pa kuwala. Anachiyang'ana ngati dzino lomwe angolizula.

"Bambo ankavaladi chipewa," anatero. "Ndipo chinthu chikasiya kuwawa sankabwereranso kwa aliyense. Ine ndemwe ndinawamata dzino mongoyembekezera, ndinawauza kuti abwere pakatha masabata awiri. Anapita nalo kumanda." Anachiika pansi. "Zimenezo ndikuzimvetsa, a Siibwerera. Inenso ndili ndi anthu ambiri omwe akuyenda ndi ntchito yanga yosamaliza m'kamwa. Kusiyana kwake n'koti ine sindinalembe kanthu pa khoma."

"Ndalandira, mayi," anatero alamu.

"Ndipo munaziona liti?"

"Lachitatu."

"Lachitatu. Amuna anga akhala akudya ngati mlendo m'nyumba mwawo mpaka lero, inu muli ndi foni m'thumba."

"Ndinkafuna ndiyambe ndakonza. Koma mukunena zoona, ndikanaimba." Anatembenukira kwa Aphunzitsi. "Bambo, ndinakusekani pamaso pa akazi anu pa mlandu wanga. Pepani."

Aphunzitsi anayandikira benchi koyamba. Anawerama, anayang'ana timadontho tija, n'kutisisita ndi chala ngati akufuna kuona ngati tingachoke.

"Munanena zoona tsiku lija, a Siibwerera," anatero mofatsa. "Choko ndi sipanala n'zosiyanadi. Ine zolakwa zanga zonse ndinkafufuta ana asanaweruke."

Achemwali ndi amene anayamba kuseka, thireyi ya tiyi ikugwedera m'manja. Alamu anayesa kudzigwira, koma mimba inawaulula.

Adokotala sanaseke nawo. Anatsegula chikwama, anafufuza, n'kutulutsa kiyi uja. Anamugwira kanthawi.

"Komabe ketulo ija ilibe chogwirira," anatero.

"Ilibe, mayi."

"Kwerani uko. Muyendetse ndinu. Mawondo angawa atopa."

Mawondo awo analibe vuto lililonse, tonse tinawaona akulowa pa geti ngati msilikali. Koma m'banja la zaka makumi anayi kupepesa kumabwera kutavala zovala za eni ake. Aphunzitsi anabwezera kiyi pa kamphete, mosafulumira, anadzipinda n'kulowa kuseri kwa chiwongolero. Anapinda denga, anakoka kandodo ka hita ngakhale dzuwa linali litakwera kale, n'kutuluka pa geti pang'onopang'ono ngati anyamula mazira.

Atapita ndinati, "Alamu, penti yofiira ilipo. Ndikugwirireni mgolo? Tingofufuta, kapena tiwonjezere mawu amodzi kumapeto, akuti kawiri."

"Iwe ukasoka mpando mokhota umasintha dzina la shopu?"

Anatenga kalediyeta kakale kaja, misomali iwiri ndi hamala yaikulu. Anakwera pa mgolo, ine nditaugwira, n'kukakhomera pa khoma kunsi kwenikweni kwa mawu aja, timadontho tili kunja poti aliyense atione. Achemwali anangoti, "Mutu waukulu sulewa nkhonya," n'kutolera makapu awo.

Kali pomwepo mpaka lero, kayambanso kubiriwira. Kasitomala watsopano aliyense amawerenga mawuwo, n'kuyang'ana chitsulocho, n'kufunsa kuti nanga ichi n'chiyani. Alamu amayankha osasiya zomwe akuchita: "Imeneyo inabwerera. Inatenga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, koma inabwerera." Akafunsidwa zambiri amafotokoza zonse, za guluu, za pulayala, mpaka za tsache. Ndaona anthu akusiya makiyi awo mosavuta atamva nkhani imeneyi kuposa kale pomwe khoma linkayankhula lokha.

Dzina silinasinthe, akadali a Siibwerera. Chomwe chinasintha n'choti munthu akabwera kudzadandaula, mawu oti "tiyeni tikafune timadontho" amawanenabe, koma tsopano amatenga tochi n'kufunadi.

Aphunzitsi amabwera Loweruka lina lililonse, amati kudzaonetsa madzi a mu injini. Madziwo satsika. Amakhala pa mpando wakale wa basi womwe ndinawasokera, n'kumaonerera ntchito. Mwezi wathawu anabwera ndi ketulo m'pepala. Alamu anaimata chogwirira ndi mtovu, anaiyesa ndi madzi owira, n'kuitembenuza. Ndili kuseri kwa malata ndinamva kahamala kakugogoda katatu.